Kiyi ya Malemu Wendell

Wendell Penner anamwalira mu Epulo, anamuika m'manda anthu onse akuona, koma pofika Novembala anali atayambiranso ntchito.

Amene anabwera nayo nkhaniyi ndi mayi Oksana Hrynyk, Lachiwiri lina m'mawa mu Januwale, chipale chofewa chidakali pa mapewa a chikhoto chawo. Mayiwa ankatsogolera komiti ya malaibulale makumi anayi a m'matauni ang'onoang'ono a ku Manitoba, ndipo malaibulale onsewo ankabwereketsa mabuku pogwiritsa ntchito pulogalamu imodzi ya pakompyuta yotchedwa Larkspur. Pulogalamuyi inalibe mwini. Aliyense wodziwa ntchito ankatha kusokererapo chigamba chake, kukonza apa, kuwonjezera apo, bola atsate mwambo. Anaiyambitsa ndi Wendell, ndipo chimwalirireni iye, wosunga mwambowo anali Thora Sigvaldason.

Mayi Hrynyk analowa m'kaofesi ka Thora, kuseri kwa mashelefu, osagogoda n'komwe. Anaponya pepala patebulo.

"Thora, iwe ndiwe wophunzira. Tandiuze, akufa amalemba mapulogalamu?"

Thora sanachite kuwerenga. Papepalapo panali mizere isanu ndi umodzi, ndipo uliwonse unkathera pa dzina limodzi.

"Woyang'anira laibulale ina kumpoto uko wandiimbira foni akunjenjemera," anapitiriza mayiwo. "Akuti anali pa maliro, anaponya dothi ndi dzanja lake, lero akuona dzina la Wendell pa mndandanda wa anthu amene akonza pulogalamu mwezi uno. Zigamba zisanu ndi chimodzi, zonse zosainidwa ndi kiyi yake ya pakompyuta! Kiyi imeneyo si ija imatsegula paliponse?"

"Ndi yomweyo."

"Ndiye kuti wakuba ali m'nyumba. Mayina a ana a eni, kumene amakhala, mabuku amene munthu amawerenga mobisa, zonse zili mmenemo. Siinatsekedwe bwanji tsiku lomwe anamwalira?"

Funsoli linali loyenera, n'chifukwa chake linapweteka. Kutseka kiyi ya munthu ndi ntchito ya mphindi imodzi. Thora anali atatsegula tsamba lake kambirimbiri m'miyezi isanu ndi inayi yapitayo, chala chili pa batani, n'kulitsekanso osadina kanthu. Zinkamuonekera ngati kumuthamangitsa Wendell m'nyumba imene anamanga yekha.

"Ndinaiwala," anatero.

"Itseke lero."

"Ndikaitseka lero wakubayo athawa, sitidzamudziwa. Ndipatseni mpaka Lachisanu."

Mayi Hrynyk anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa nthawi ndithu. Anali munthu wolera ana asanu, bodza ankalimva fungo lisanamalize kutuluka.

"Lachisanu masana komiti ikumana. Ubwere ndi dzina, ndipo kiyiyo ikhale itatsekedwa. Apo ayi ndiitana apolisi, Larkspur tiizimitsa m'malaibulale onse, tibwerere ku makhadi ndi mabokosi ngati kale."

Atatuluka mayiwo, Thora anatsegula kompyuta n'kuwerenganso uthenga umene unabwera ndi chigamba chomaliza. Anali atauwerenga kale kasanu m'mawa womwewo.

"Thora, ukapeza mpata taona kachigamba aka. Palibe changu. Ndikudziwa kuti upezamo cholakwika, n'chifukwa chake ndatumiza kwa iwe."

Umu ndi mmene Wendell ankapemphera kwa zaka khumi ndi zinayi. Mwambo woyamba wa Larkspur unali wakuti palibe amalowetsa yekha chigamba chake m'thunthu la pulogalamu, kaya ndi wamkulu bwanji. Mutu umodzi susenza denga. Umatumiza, n'kudikira kuti mnzako aunike, akavomereza ndiye chilowe. Zigamba za wakufayu nazonso zinaunikidwa, zonse zisanu ndi chimodzi. Pansi pa chilichonse panali dzina la wovomereza, limene mayi Hrynyk sanadziwe poliyang'ana.

Linali la Thora Sigvaldason.

* * *

Jomar Macaraeg, amene ankasamala makina osungira pulogalamuyi, Thora anamupeza m'bekale ya azakhali ake, atakhala pakona, ufa uli pa ndevu, kompyuta ili pa maondo.

"Asisi! Mwabwera kudzandimanga? Dikirani ndimalize kabuledi kanga ka pandesal aka, kundende kulibe."

"Lachiwiri ndi Lachinayi masana umakhala kuti?"

"Eee, ndiye mwayambira kwa ine? Wosauka alibe mnzake ndithu." Anapukuta manja pa thalauza. "Ndimakhala kuchipatala, kuperekeza amayi kokasefa magazi. Wani koloko mpaka faifi. Kafunseni manesi, onse amandidziwa, mmodzi mpaka akufuna ndimukwatire, kungoti sanadziwebe. Komanso ine kiyi ya Wendell ndiifuniranji? Makina onse ndimasunga ndine. Ndikafuna kuba ndingabe nditavala masilipasi."

Thora anakhala pansi. Zimenezo ankazidziwa kale, koma wofufuza amayenera kufunsa.

"Wapeza chiyani?"

Jomar anatembenuza kompyuta. Nthabwala zinatha pankhope pake, monga zinkathera nthawi zonse akafika pa ntchito.

"Zitatu. Choyamba, zonse zimabwera Lachiwiri kapena Lachinayi, pakati pa thu koloko ndi folo koloko. Sanaphonyepo. Chachiwiri, zimachokera pa intaneti ya laibulale yaing'ono ku Selkirk, imene aliyense amalumikizapo. Munthu wathuyu safuna kugwirira kunyumba."

"Chachitatu?"

"Chachitatu ndi chimene chikundisowetsa tulo. Kiyi ya Wendell imatsegula khomo lililonse. Munthu ameneyu akanatha kulowetsa chilichonse m'thunthu, osafunsa aliyense, ifeyo n'kudzazindikira chaka chamawa. Koma ayi ndithu. Amagogoda, n'kuima panja kudikira. Chigamba chachitatu anadikira masiku naini, inu muli ku Gimli kwa achimwene anu! Wakuba wanji waulemu chonchi? Mayina a anthu sanawakhudzepo, ndafufuza paliponse."

"Ndiye kuti ndi wathu."

"Wokulira m'nyumba mwathu momwemo. Mlendo sangadziletse chotero. Uyu mwambo unamulowa m'mafupa, akulephera kuuswa ngakhale akuba." Anatsitsa tsamba. "Taonaninso apa. Anthuwa ndi awiri."

"Awiri bwanji?"

"Chigamba chikamafika koyamba chimakhala cha Wendell weniweni. Ndemanga zazitali ngati ulaliki, chilichonse kuchifotokoza kawiri. Bambo uja sankataya kanthu, mzere wakufa ankausunga kuti mwina tsiku lina udzadzuka. Koma inu mukangolemba kuti apa pakonzedwe, wobwera kudzakonzayo ndi wina. Ameneyo amadula. Mizere makumi atatu amaisandutsa isanu, ndipo imagwira ntchito kuposa kale. Wendell kudula? Bola kumudula chala."

Thora anayang'ana mizereyo. Anali ataiona kale, koma ankaithamangitsira maso kuti afike msanga pa mawu a pansi.

Jomar anamukankhira mbale ya pandesal, natsitsa mawu.

"Asisi, langa funso ndi limodzi. Inu munadziwa liti kuti si iyeyo?"

"Tsiku loyamba. Ndinali pa maliro, Jomar, sindine wamisala."

"Nanga?"

"Ndinaunika mzere uliwonse katatu. Munalibe choipa."

"Sindinafunse zimenezo."

Thora anatola magolovesi ake n'kuimirira. Akanamuuza chiyani? Kuti m'mawa wina mu Novembala anatsegula kompyuta n'kupeza dzina lija likumuitana, mtima n'kudumpha ngati wa mtsikana? Ankamusowa Wendell, ankamusowa koopsa, ndipo aliyense amene ankabwereka mawu akewo ankamupatsa chinthu chimene analibe kwina kokachipeza.

"Kiyiyo inali kachipangizo ka pulasitiki," Jomar anamuuza ali pakhomo. "Sikakopereka. Amene akusainayo ali nako m'manja. Kafunseni amene anamuvula zovala."

* * *

Mayi Lorna Penner, mkazi wa Wendell, anamulandira Lachitatu masana ngati kuti ankamuyembekezera. Nyumba inkanunkhira msuzi wa kabichi ndi soseji, ndipo mpando wa Wendell unali pomwe paja pafupi ndi zenera, bulangete litapindidwa bwinobwino pamwamba pake.

"Vula nsapato, khala pansi, idya. Mafunso pambuyo. Wawonda ngati chingwe."

Thora anadya. Ndi mayi Penner panalibe kuchitira mwina.

"Mayi, a Wendell anali ndi kachipangizo kakang'ono kolowetsa m'kompyuta."

"Kakuda kaja? Ankakavala m'khosi pa chingwe cha nsapato. Zaka makumi anayi tili m'banja mphete anaitaya kawiri, koma kameneko ayi."

"Kali kuti?"

"Kulibe kuno."

"Kanabedwa?"

"M'nyumba mwanga muno sanabemo munthu." Anathira tiyi mosapupuluma. "Anapereka okha, ndi manja awo, sabata yomaliza ija. Ndinena kuti ndi manja awo, koma manjawo anali atasiya kale kumvera. Ndinachita kuwathandiza kuvula chingwecho."

"Anapatsa ndani?"

"Ndinalonjeza kuti sindidzatchula, ndipo ine ndimapita kutchalitchi." Anaika kapu patsogolo pa Thora. "Iwe unkabwera Lamlungu, ndi maluwa, n'kumawauza kuti zonse zikuyenda bwino, apume. Unkachita bwino. Koma bambo aja kupuma kunkawapha kuposa matenda. Mutu unali wodzaza ntchito, zala zakana. Ndiye kunkabwera wina, Lachiwiri ndi Lachinayi, ine ndikapita kosoka mabulangete ndi amayi anzanga. Iwo kunena, iye kulemba."

Thora anaika sipuni pansi.

"Sanandiuzepo."

"Ankaopa kuti ukwiya. Ndikabwerako msanga ndinkawamva ndili pakhonde, akukangana ngati akufuna kumenyana. Winayo kutukwana kompyuta m'Chifalansa, mawu oti sindingawabwereze. Ndikangolowa, zii, ngati mwana wa kwaya, chipewa m'manja. Ankandibweretsera nsomba zowamba, zokulunga m'nyuzipepala." Anapukusa mutu. "Dzina sindinatchule, wamva? Mulungu ndi mboni."

Sanafunikenso kutchula. Munthu wodula mizere, wotukwana m'Chifalansa, wokhala ku Selkirk m'mbali mwa mtsinje, m'chigawo chonse cha Manitoba analipo mmodzi yekha. Thora anamva kutentha kumaso, ndipo sanadziwe ngati unali mkwiyo kapena manyazi.

Atavala nsapato, mayi Penner anamugwira mkono.

"Thora, mwanawe. Zaka zonse zija ndinkakuona mmene unkawayang'anira amuna anga."

"Mayi, ine sindinachitepo..."

"Ndikudziwa kuti sunachitepo. Sunanenepo n'komwe, ngakhale kwa iwo. Sindinakuchitirepo nsanje. Iwe unali ndi mizere yawo, ine ndinali ndi mapazi awo ozizira ndi mkonono wawo, aliyense ndi gawo lake." Anamukonza kolala ya chikhoto. "Koma ine zovala zawo ndinapereka mu Juni. Ndinalira sabata yathunthu, kenako ndinayamba kugona. Iwe wasunga chiyani?"

Thora anatuluka, chisanu chinamuluma m'mphuno, ndipo anayenda mpaka kudutsa galimoto yake osaiona.

* * *

Emile Desjarlais ndi Thora anali ophunzira oyamba a Wendell. Zaka khumi anagwira ntchito limodzi, kudya limodzi masana, kukangana za mizere mpaka khofi kuzizira. Emile anali waluso kuposa onse, ndipo pakamwa pake panali ngati lumo. Ambiri ankangomupirira, poti munthu waluso anthu amamukhululukira zambiri.

Zinafika pothera zaka zitatu zapitazo. Mayi wina woyang'anira laibulale ya kumudzi, amene anaphunzira yekha ntchitoyi atakula kale, anatumiza chigamba chake choyamba, mizere khumi ndi iwiri. Chinali ndi zolakwika, ndani amayamba osalakwa? Emile analemba pansi pake, poyera, dziko lonse likuwerenga: "Amene analemba izi asadzagwirenso kompyuta. Akaluke masokosi." Mayi uja sanabwerenso. Mwambo wachiwiri wa Larkspur unkati dzudzula chigamba, osati wosoka, ndipo Emile anali atachenjezedwa kale katatu. Amene anamutsekera khomo anali Thora, ndi dzanja lake. Wendell anavomereza, koma masiku awiri sanalankhule ndi munthu.

Lachinayi, thu koloko itangopitirira, Thora anaimika galimoto pa laibulale ya ku Selkirk. Anamuona Emile asanalowe n'komwe, kudzera pazenera. Anali pa tebulo la pakona pafupi ndi chotenthetsera, tsitsi litachita imvi kuposa mmene ankamukumbukira. M'mbali mwa kompyuta yake munali kachipangizo kakuda, chingwe cha nsapato chikulendewera.

Emile anakweza maso, osadzidzimuka.

"Wachedwa. Ndimayesa ubwera Khirisimasi isanafike."

"Ukudziwa kuti zimenezi n'zokamangidwa nazo?"

"Khala pansi, Sigvaldason, ukutchinga kuwala."

Anakhala. Mayi wa pakauntala anawayang'ana, ndipo onse awiri anatsitsa mawu.

"Zigamba zilipo zisanu ndi ziwiri," anatero Emile. "Anandiuza ali pabedi, mzere ndi mzere, ine n'kumalemba. Ndinkamuuza kuti m'dala, izi n'zazitali ngati njanji yopita ku Churchill, iye amvekere lemba mmene ndanenera. Sitinamalize kuziyesa. Anandipatsa kiyi, akuti uzimalize, anthu akudikira. Chija cha zilembo zazikulu cha anthu osaona bwino, anachilonjeza kwa gogo wina zaka ziwiri zapitazo."

"Ukanatumiza ndi dzina lako."

"Ntchito ya munthu imalowa ndi dzina la mwini wake. Si mwambo wanu womwewo? Ndikanaikapo langa, pamenepo ndiye ndikanakhala wakuba weniweni. Komanso dzina langa khomo lanu sililidziwa."

"Ukanandilembera kalata."

"Ndinakulembera kawiri chaka chija. Unayankha?"

Thora anayang'ana pansi. Makalatawo anali adakalipo, osatsegulidwa.

"Nanga zokonza zija? Mizere yodulidwa ija si ya Wendell."

Emile anakanda chibwano. Kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati wagwidwa.

"Pamenepo ndiye ndinanama, sindikana. Miyezi isanu ndi umodzi ndinakhala nazo, ndikuganiza chochita. Ndinati ndingotumiza, iwe uvomereze, basi. Ndinaiwala kuti iwe suvomereza kanthu osapezamo chilema. Walemba kuti apa pakonzedwe, nanga wakufa ayankha? Ndinayesa kukonza ngati iyeyo, dzanja linakana."

"Kiyi imeneyo ikanakulowetsa popanda ine."

"Kulowetsa ndekha chigamba chosaunikidwa?" Anamuyang'ana ngati wamutukwana. "Ndine wamwano, Thora, koma sindine nyama."

Mlandu unathera pamenepo. Dzina linapezeka, chifukwa chinapezeka, ndipo wapolisi weniweni akanatseka kabuku kake n'kunyamuka. Koma Thora sanayendetse galimoto mtunda wonsewo pa msewu woterera chifukwa cha komiti. Anali ndi funso lina, limene linkamuvutitsa kuyambira dzulo lake.

"Mawu aja," anatero. "Apamwamba pa chigamba chilichonse. Oti ndikapeza mpata, oti palibe changu. Ndi aja oti tsiku lija kunja kunali mbalame zofiira pa mtengo ndipo unandikumbuka, kapena kuti anandikumbuka. Anakuuza ndi iyeyo kuti uwalembe?"

Emile anatembenuza chingwe chija pa chala chake, n'kuchimasula, n'kuchitembenuzanso. Bodza linali pafupi, ndipo Thora anaona kuti mnzakeyo waliona. Mumtima anamupempha kuti aname.

"Anandisiyira mizere yokha," anatero Emile. "Mpweya unali wochepa, ankausungira ntchito. Mawuwo ndi anga."

Chotenthetsera chinkalira pansipansi. Mwana wina ankakoka mpando kumbali ya mabuku a zithunzi.

"Uthenga woyamba unanditengera ola lathunthu," anapitiriza. "Ndinalemba mwanga, ndinafufuta. Ndinalembanso, ndinafufuta. Kenako ndinadzifunsa kuti m'dala uja akanapempha bwanji. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndakhala padziko, sindinadziwepo kupempha munthu kanthu mwaulemu. Ndaphunzirira m'chikhoto cha munthu wakufa."

"Unkadziwa kuti ndimawawerenga ngati ndi iyeyo."

"Ndinkadziwa."

"Ndiye unapitiriza? Miyezi itatu, Emile! Unkandiona ndikuyankha, ndikumuuza za chifuwa cha achimwene anga, za denga langa lodontha, iwe uli phee pano ngati mphaka!"

Mayi wa pakauntala anatsokomola. Emile anadikira kuti ayang'ane kumbali.

"Unkayankha mokoma," anatero, osamuyang'ana. "Ine sunandiyankhepo choncho, ngakhale kale tili bwinobwino. Zaka zitatu palibe anandifunsapo maganizo anga pa mzere ngakhale umodzi. Ndimakonza mainjini a maboti, Thora. Injini siikuuza kuti apa walakwitsa. Ndinalakwa, ndikudziwa. Ndinalephera kusiya."

Thora anafuna kumuda, ndipo anayesetsa ndithu, koma sizinatheke. Onse awiri anali akuba m'nyumba imodzi, wina kuba dzina, wina kuba mawu, ndipo aliyense ankadziwa chimene mnzake ankasowa. Chimene chinamupweteka n'chakuti Wendell sanamusiyire kanthu. Mauthenga aja amene ankawawerenga m'mawa uliwonse asanamwe khofi, amene ena anawasindikiza n'kuwaika m'kabati, Wendell sanawaonepo.

Anatulutsa kompyuta yake m'chikwama n'kuitsegula patebulo pomwepo.

"Ukutani?"

"Chimene ndikanachita mu Epulo."

Emile anatambasula dzanja, koma sanamugwire.

"Dikira kaye. Chachisanu ndi chiwiri chatha, chili apa. Mphindi imodzi yokha. Ndichitumize, dzina lake lifike komaliza, uvomereze, kenako utseke. Ndani adziwe? Palibe amene apwetekedwe."

Thora anatseka maso. Ankatha kuona mmene zikanaonekera, foni kunjenjemera m'thumba, dzina lija pamwamba, mizere yaitali yofotokoza chilichonse kawiri. Kamodzi kokha. Anachifuna ndi thupi lonse, monga munthu wa ludzu amafunira madzi.

"Ayi," anatero. "Chimenecho chilowa poyera. Mwini wake Wendell, womaliza ndi wotumiza iwe, mayina onse awiri. Mawa ndikauza komiti kuti amene ankagwiritsa ntchito kiyi ndi iwe, ndipo amene ankavomereza akudziwa kuti mwini wake ali m'manda ndi ine. Akafuna atichotse tonse, atichotse. Ndikawapempha kuti apolisi asabwere, koma sindikulonjeza."

"Oksana Hrynyk andidya wamoyo."

"Ayamba ndi ine." Anatsegula tsamba lija. "Ndipo usanatumize kanthu, ulembere mayi uja wa mizere khumi ndi iwiri. Ndi dzina lako. Tsopano ukudziwa kalembedwe kake."

Emile anangogwedeza mutu.

Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza kuti kiyi ya Wendell Penner itsekedwe, ndi kuti ikatsekedwa siidzatsegukanso. Thora anawerenga funsolo mpaka kumapeto, monga ankawerengera chilichonse. Kenako anadina.

Sipanachitike chodabwitsa chilichonse. Tsamba linangosintha, mndandanda wa osunga pulogalamu n'kufupika ndi mzere umodzi.

Emile anazula kachipangizo kaja, nakakulunga ndi chingwe chake mosamala, n'kukaika patebulo pakati pawo.

"Kapatse a Lorna," anatero Thora. "Upite wekha. Utenge nsomba."

Ananyamula chikwama n'kutuluka asanamve yankho, poti nkhope yake inali itayamba kumukana.

Kunja dzuwa linali litapendeka kale, chipale chikuwala mothobwa m'maso. Analowa m'galimoto, analiza injini kuti itenthe, koma sanaichotse pamalopo. Inali hafu pasiti fili, nthawi ya mauthenga aja isanathe. Anatulutsa foni n'kuiika pa ntchafu, moyang'ana kumwamba. Ankadziwa bwino lomwe kuti sikubwera kanthu, wotsekayo anali iye mwini, ndipo wolembayo ankamuona pazenera atagwira mutu ndi manja onse awiri.

Anadikirabe mpaka folo koloko.